Galimoto ya M'maloto ndi Mseu wa Kwathu

Anzanga owerenga, ndani mwa inu amene sanapangepo galimoto ya mawaya ali mwana? Ine ndinali katswiri pa nchito imeneyi. Mawaya tinali kutola ku mipanda yakugwa, mawilo tinali kudula ku mapatapata akutha kapena kutenga tizitini ta polishi wa nsapato, ndipo ciongolero cinali cacitali cofika m'ciuno. Cimene cinali kukoma kwambiri ndi cakuti wopanga galimoto ndi woiyendetsa anali munthu mmodzi. Ukaona kuti galimoto yako ikukokera mcenga kumimba, unali kungokhala pansi pa mtengo wa mango, kucotsa mawilo aang'ono ndi kuikapo aakulu. Panalibe zolembera kalata ku kampani.

Lero ndili ndi zaka 27, koleji ndinatsiriza, ndipo nditsogolera acicepere pa mpingo pathu, koma nthenda ya magalimoto sinandicoke. Pa Sondo masana tikatsiriza msonkhano wathu, timaunjikana pa foni imodzi kuonerera zithunzi. Musaganize kuti ndi anyamata okha. Pali atsikana awiri amene amatiposa tonse kudziwa maina a mainjini. Mkangano wathu umakhala umodzimodzi sabata ndi sabata: mwini fakitale atakuitana nakufunsa kuti akupangire galimoto yotani, unganene ciani?

Funso limeneli si lathu lokha. Okonda magalimoto a ku Ulaya ndi ku America amafunsana tsiku ndi tsiku, ndipo mayankho awo angakudabwitseni. Ambiri safuna za mapiko kapena zothamanga ngati ndeke. Amalira zinthu zimene makampani akusiya kupanga: galimoto yopepuka, ya magiya osintha ndi dzanja, yokhala ndi mabatani enieni amene cala cingawapeze mu mdima, m'malo mwa galasi la kompyuta limene uyenera kuliyang'ana uku ukuyendetsa. Amene amasunga magalimoto akale amalira matayala abwino a mainchi 13 ndi 14, amene akusowa m'masitolo a kwawo cifukwa magalimoto atsopano amabwera ndi marimu aakulu. Ku America ambiri afuna kavaneti kakang'ono kosadula, kongonyamulira katundu, koma kumeneko kuli msonkho wa 25 peresenti pa mavaneti ocokera kunja. Msonkhowu unaikidwa mu 1964 pamene America inakangana ndi maiko a ku Ulaya pa malonda a nkhuku, ndipo anthu amauchula kuti msonkho wa nkhuku. Nkhukuzo zinaiwalika kalekale, msonkho unatsala. Palinso lamulo lakuti galimoto imene sinapangidwe motsata malamulo a dzikolo ingalowe pokhapokha itakwanitsa zaka 25. Motero munthu wa ndalama zake amakhala pansi kuwerenga zaka, kudikira kuti kalole kakang'ono ka ku Japan ka injini ya 660cc kakalambe kuti akaitanitse. Ndinaseka nditamva zimenezi. Galimoto ya msinkhu umenewo kuno timati ciphapha.

Mmodzi mwa iwo sanalekere pa kulira cabe. Kampani ya Land Rover italeka kupanga Defender yakale mu January 2016, mkulu wina wolemera kwambiri wa ku Britain, Jim Ratcliffe, anafuna kuti apitirize kuipanga iye. Atamukaniza, anayambitsa galimoto yakeyake, dzina lake Grenadier, imene inayamba kutuluka mu fakitale ya ku Hambach m'dziko la France mu 2022. Ndi yolimba ndithu, koma ndalama yake ingamangire banja nyumba yabwino. Iye anapeza cimene mtima wake unali kufuna cifukwa thumba lake linamulankhulira.

Ine yankho langa pa mkangano wa pa Sondo linali losabvuta. Ndinali kufuna galimoto yogwadira pansi ngati kambuku wozemberera mbuzi, ya marimu aakulu onyezimira ndi matayala opyapyala ngati lamba. Ndipo mnzanga wina wa ku koleji atagula galimoto yake yoyamba, yakale ya ku Japan monga timagulira tonse, ndine amene ndinamubvutitsa mpaka anagulitsa matayala amene inabwera nawo naikapo marimu a mainchi 18. Tinaijambula mbali zonse. Pa tara ya mu Chipata inali kuyenda ngati ikuyandama pamadzi.

Ndisanapitirize, lekani ndikuuzeni tanthauzo la manambala amene amalembedwa m'mbali mwa tayala, popeza nkhani yanga yagona pamenepo. Mukaona 195/65 R15, nambala yoyamba ndi kufutukuka kwa tayala, mamilimita 195. Yaciwiri inena za kutalika kwa khoma la tayala, kucokera pa rimu kufika pamene tayala ligunda pansi: ndi 65 peresenti ya 195, ndiye kuti mamilimita pafupifupi 127. Yotsiriza ndi kukula kwa rimu m'mainchi. Amenewa ndiwo matayala amene tinagulitsa. Amene tinagula anali 225/40 R18, khoma lake mamilimita 90 cabe. Kusiyana kwake ndi zala ziwiri zokha, koma khoma limenelo pamodzi ndi mpweya wa m'kati mwake ndiwo amayamba kulandira nkhonya ya dzenje isanafike ku citsulo. Khoma lalifupi limathandiza galimoto kukhota bwino pa liwiro pa mseu wosalala, ndico cifukwa cake a mipikisano amalikonda. Koma likagunda mwala kapena mlomo wa dzenje, labala imapanika pakati pa mwalawo ndi rimu monga cala cipanika pa citseko. Zonsezi ndinali kuzidziwa, ndinali nditaziwerenga. Koma walira mvula walira matope, ndipo matope anga anandipeza mu February 2025.

Mnzangayo anandibwereka galimoto kuti ndikaone makolo kumudzi, kuseri kwa Katete. Mlamu wanga, mkazi wa akulu anga, anali woyembekezera, ndipo tonse tinali kuwerengera kuti kwatsala masabata atatu. Koma ca m'ma 23 koloko amai anagogoda pa citseko ca nyumba imene ndinagona. “Uka mwanawe, mlamu wako matenda ayamba. Mwai wake galimoto ili pakhomo.”

Kucoka pamudzi kufika ku kiliniki pali makilomita 14 a mseu wa fumbi, ndipo madzulo ake mvula inali itagwa yamphamvu. Tinakwera anai: ine, amai, mlamu ndi akulu anga. Kungocoka pakhomo, mimba ya galimoto inayamba kukhula pansi paliponse pamene mawilo a ngolo anakumba mizere. Ndinali kuyenda pang'onopang'ono, thukuta lili m'manja. Titafika pa kakhwawa kena, ndinaona madzi okhaokha; mwala umene unali pansi pake sindinauone. Ndinangomva kuti gu! ndipo ciongolero cinandikokera kumanzere. Nditatsika ndi kuunika ndi foni, khoma la tayala lakutsogolo linali litang'ambika polowa zala zitatu, rimu itasweka m'mphepete. Tayala lolaswa ndi msomali pansi limamatidwa, ena amayenda nalo pang'ono akalipopa. Long'ambika m'khoma latha nchito pomwepo.

Ndinathamangira ku buti. Sipeya inali kaja kakang'ono kopyapyala kamene kamabwera ndi magalimoto ambiri a ku Japan, kolembedwa kuti usapitirire nako makilomita 80 pa ola. Kanapangidwira munthu amene garaji ili pafupi ndi pamene wafera. Ndinakapanikiza ndi cala, kanalowa. Munalibe mpweya, ndipo pampu tinalibe. Ndinayesabe kukweza galimoto, jeke inangomira m'matope.

Mlamu sanakuwe. Anatsegula windo nanena motsitsa mau kuti, “Alamu, musade nkhawa, yesani cabe.” Mau amenewo anandilasa kuposa kutukwanidwa. Amai anali atamugwira dzanja, osanena kanthu kwa ine, osandiyang'ana n'komwe. Inu amene munakula ndi amai a kwathu mudziwa tanthauzo la cete wotere.

Akulu anga anathamangira ku mudzi umene unali pafupi. Patapita nthawi imene kwa ine inali ngati caka, tinamva mabelu a ng'ombe mu mdima. Anabwera ndi mdala wina ndi ngolo yake. Pamene anali kuyala mphasa ndi bulangeti kuti mlamu agonepo, ine, nthenda yanga ija, maso anapita ku mawilo. Ngoloyo inali pa citsulo ca kumbuyo ca vaneti yakale, matayala ake awiri osafanana, akutha mano, koma a khoma lalitali lonenepa. Mdalayo anaunika tayala langa long'ambika, napukusa mutu nati, “Mwanawe, motoka yako yabvala nsapato za ku ukwati.”

Anapita. Mwana wamkazi anabadwira ku kiliniki kusanace, iye ndi amai ake ali bwino mpaka lero. Koma anamwino anauza amai kuti mwanayo anabwera mobvuta, ndipo kukanakhala kuti kunali panjira sadziwa kuti zikanatha bwanji. Ine ndinatsala pa khwawa paja kulonda galimoto ya mwini, acule akulira, udzudzu ukundidya. Usiku umenewo funso la pa Sondo ndinaliyankhanso kaciwiri, ndili ndekha.

Mwini fakitale atandifunsa lero, ndingayambire pansi, pa tayala. Ndifuna la khoma lalitali, lolukidwa ndi nsalu zambiri m'mbali kuti mwala usalidule msanga, lokhala pa rimu yaing'ono ya citsulo camba. Rimu ya citsulo ikapindika, makaniko amaiwongola ndi hamala. Yonyezimira ija kawirikawiri imasweka. Likhale la saizi imene ungaipeze pa boma lililonse, kucoka ku Lundazi mpaka ku Nyimba. Sipeya ikhale tayala lenileni lolingana ndi anzake, ndipo m'buti mukhale pampu. Galimoto yake ikhale yokwera mimba, magalasi ake osapindika kuti wodula magalasi aliyense athe kuikapo ena, zitsulo zake zosasintha caka ndi caka, ndi injini imene mnyamata wa masipanala angaikonze pansi pa mtengo popanda kuilumikiza ku kompyuta.

Nditanena zimenezi ku gulu lathu, mmodzi wa atsikana aja anandidula mau. Anati bwanji osangopempha tayala lopanda mpweya, kuti nkhani ya kuphwa itheretu? Funso labwino, ndipo akatswiri alimbana nalo kwa zaka zambiri. Kuyambira pamene John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto wa ku Belfast, anamangira mipira ya mpweya ku mawilo a kanjinga ka mwana wake, dziko lakhala likuyenda pa mpweya. Kampani ya Michelin inaonetsa tayala lopanda mpweya, dzina lake Tweel, mu 2005. M'malo mwa mpweya lili ndi nthiti zofewa zimene zimapindika ndi kubwerera. Limagwira nchito pa makina ochetcha udzu ndi timathirakitala ta pa malo omanga. Mu 2019 anaonetsanso lina la magalimoto wamba, Uptis, mogwirizana ndi General Motors, nanena kuti mwina lingayambe kugulitsidwa mu 2024. Caka cimeneco cinatha lisanafike m'masitolo. Mpweya ndi wobvuta kuulowa m'malo: sulemera, umagawa katundu kuzungulira tayala lonse, ndipo ungauonjeze kapena kuucepetsa malinga ndi mseu. Nthiti zija zikamapindika kambirimbiri pa liwiro zimatentha ndi kucita phokoso. Ine ndimaganizanso za dothi lathu lofiira lomata lija, litalowa m'mipata ya nthitizo n'kuumira momwemo.

Ngakhale tayala wamba lili ndi mkangano wake. Labala yofewa imagwira bwino mseu koma imatha msanga. Yolimba imakhalitsa koma imaterera pa mvula. Khoma lonenepa limapirira miyala koma limalemera, ndipo galimoto imamwa mafuta ambiri. Wopanga ayenera kusankha, ndipo amasankha zimene wogula wake amayang'ana. Ku Ulaya, kuyambira 2012, tayala latsopano limagulitsidwa ndi kapepala koonetsa zinthu zitatu: mafuta, kugwira mseu wonyowa, ndi phokoso. Pa kapepalako palibe mzere wa maenje.

Cimene cimandiwawa ndi cakuti galimoto imene ndikupempha si yacilendo. Inapangidwapo. Citroën 2CV, imene inatuluka mu 1948 ndi kupangidwa mpaka 1990, anaikonzera alimi a ku France, ndipo nkhani imene imasimbidwa ndi yakuti mkulu wa kampaniyo analamula kuti ithe kudutsa m'munda wolimidwa itanyamula dengu la mazira popanda kuswa ndi limodzi lomwe. Peugeot 504 ya mu 1968 inayenda m'miseu ya mu Africa mpaka anaipitiriza kuimanga ku Kenya ndi ku Nigeria kufikira zaka za m'ma 2000, ku Ulaya itaiwalika kale. Funsani atate anu za 404 ndi 504, mudzaona nkhope zawo ziwala. Enanso anayesa kupanga galimoto ya Africa yeniyeni. Tony Howarth wa ku Britain anapanga Africar, thupi lake la matabwa omatidwa ndi guluu wolimba, ndipo mu 1984 magalimoto atatu otere anayenda kucoka kumpoto kozizira kwa Ulaya mpaka pakati pa Africa. Kampani yake inagwa mu 1988. Ku Kenya kunabadwa Mobius Motors, imene inali kupanga galimoto yokwera mimba yopanda zokometsera zambiri. Mu August 2024 inalengeza kuti itseka cifukwa ca mabvuto a ndalama, ndipo inapulumuka pamene anthu ena anaigula.

Cifukwa ciani zinthu zabwino cotere zimafa? Yankho lake silikoma, popeza likhudza ife tomwe. Fakitale imamva mau a munthu amene agula galimoto yatsopano. Ife ambiri timagula yakale. Ku Japan galimoto imapimidwa ikakwanitsa zaka zitatu, kenaka zaka ziwiri zilizonse, ndipo kupimitsako kumadya ndalama, motero eni ake ambiri amagulitsa ikali yabwino. Imakwera sitima ya pamadzi kufika ku Dar es Salaam, n'kulowera pa Nakonde. Popeza ku Japan amayendera kumanzere monga ife, ciongolero cili mbali yoyenera, ndipo timaiwala kuti cina ciliconse pa galimotoyo anacikonzera munthu wina. Amene anaijambula anali kuganiza za malo opanikiza oimikapo galimoto mu Tokyo ndi za cipale cofewa ca ku Sapporo. Za khwawa la kwathu sanamvepo. Ndipo munthu akabwera ndi galimoto yatsopano yopangidwira miseu yathu, timaiyang'ana, timaiyamikira, kenaka timagula yakale ya ku Japan imene mtengo wake ndi wotsika ndipo ili ndi wailesi ndi mipando yofewa. Sindinyoza munthu. Ndi malipiro anga inenso ndikanacita cimodzimodzi.

Makolo athu anaonako nthawi ina. M'zaka za m'ma 1970 ku Livingstone kunali fakitale yomanga magalimoto a Fiat, ndipo ku Ndola kampani ya Dunlop inali kupanga matayala. Zonse ziwiri zinaleka. Sindinena kuti Fiat ya ku Livingstone inali galimoto ya kumudzi, iai, koma wopanga tayala anali kuyenda m'maenje amodzimodzi ndi wogula.

Pali cinthu cimodzi cimene cimandipatsa mtima. Mu November 2023 Toyota inatulutsa ku Thailand vaneti ya dzina lakuti Hilux Champ, pa mtengo woyambira 459,000 baht, pafupifupi madola 13,000 a ku America. Ndi ya makona ngati bokosi, yopanda zokongoletsa, ndipo kumbuyo kwake kuli mabowo okonzeratu kuti mwini amangepo cimene afuna, kaya sitolo, kaya thupi lonyamulira odwala. Okonda magalimoto a ku America aja anaimezera mate, koma kwawo sigulitsidwa. Taonani nanga: wa ndalama wa ku Texas ndi mlamu wanga wa ku Katete afuna galimoto yofanana. Mmodzi aifunira cisangalalo ca pa Ciweru, winayo aifunira kuti akafike ku kiliniki usiku. Alimi ndi amalonda a ku Thailand anaipeza cifukwa iwo amagula mavaneti atsopano ambirimbiri.

Podikira zimenezo, tayala ndilo mbali ya galimoto imene ife tili ndi mphamvu yosankha, ndipo pamenepa ndipempha anzanga amene mwayamba kuyendetsa kuti mugwade ndi kuwerenga. Magalimoto ena amafika kuno atabvala matayala a nyengo yozizira ya ku Japan. Mudzawadziwa ndi timizere tambirimbiri topyapyala pa mano ake, ndipo ambiri alembedwa mau akuti studless. Amaoneka atsopano, koma labala yake anaipangira cipale cofewa. Pa tara yotentha ya mu October imafewa mopitirira, imatha msanga, ndipo galimoto imacedwa kuima. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa matayala a salaula funani manambala anai amene ali kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi caka: 2316 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 mu 2016. Labala imakalamba ngakhale mano akali aatali. Ndipo sipeya muziipopa. Ine ndinadziwa manambala onsewa pamtima, koma buti sindinatsegule ndisananyamuke.

Rimu ya mnzanga ndinalipira kwa miyezi inai. Titakambirana, tinagulitsa zitatu zotsalazo ndi kubwezerapo za citsulo za mainchi 15. Acicepere a pa Sondo anaseka kwambiri ataiona, anati galimoto yasanduka ya ahedi opuma nchito. Mwini wake anangoti iye aona kuti msana waleka kumuwawa.

Pa Isitala ndinapitanso kumudzi kukaona mwana. Ndinanyamula shuga, sopo ndi mcere kukathokoza mdala wa ngolo uja, ndipo ndinatenganso tayala long'ambika lija, poganiza kuti angadulemo nsapato kapena zingwe zomangira goli, monga acitira ndi matayala akutha. Analitembenuza uku ndi uku, nalitsina m'khoma ndi zala zake zolimba.

“Zikomo mwanawe,” anatero, “koma m'tayala ili mulibe nyama.”

Analidula pakati ndi cikwanje. Lili kuseri kwa khola lawo, nkhuku zimamweramo madzi.